Noura Anasiya Kuseka

Al Markhiya, Doha

Okondedwa azakhali,

Salaam aleikum. Muli bwanji ku Ntaja? Ana angawo sakukuvutani? Kuno ndi kutentha basi.

Noura, mwana wa madamu, akuphunzira udokotala, ndiye amayeserera pa ife antchito. Wandiphunzitsa kuti mtima uli ndi zipinda zinayi. Magazi otopa amalowera kumanja, amapita kumapapo kukatenga mpweya, kenako amabwerera kumanzere n'kupopedwa thupi lonse. Muli tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndipo kugunda timamva kuja ndi tizitsekoto tikamatsekeka.

Dzana anamvetsera pachifuwa pa dalaivala wathu uku akuseka. Atafika pa ine, anasiya kuseka. Anamvetseranso kachiwiri, n'kundifunsa ngati ndimabanika pokwera masitepe. Ndinakana, azakhali, chonsecho ndimapumira panjira.

Madamu akuti Lachinayi tipita kuchipatala, inshallah. Dorcas, amene ankagwira ntchito pano ine ndisanabwere, anapita nayenso kuchipatala chomwechi. Atamupeza ndi matenda, chikwama chake anakachipeza ku eyapoti, akumubweza kwawo.

Tandikumbutsani, malemu amayi anayamba ndi kutupa miyendo kapena kutsokomola? Ine nsapato zasiya kundikwana.

Ana musawauze kanthu. Raihana alembe kaye mayeso.

Ndine mwana wanu,
Mwanaidi