Alamu anga akudzola fungo la malemu mwamuna wanga

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanuli kwa zaka, nthawi zina n'kumaseka anzanga olira za amuna. Lero ndabwera ndine. Mwina museka, chifukwa nkhani yanga ndi ya botolo la pafyumu.

Amuna anga, a Taziona, anamwalira chaka chatha. Ankagwira ntchito yokiliyalitsa katundu, yothandiza amalonda ndi mapepala a msonkho, pa malire pano pa Mwanza. Anali munthu wosakonda zambiri. Mowa ayi, mpira pang'ono chabe. Koma pa nkhani ya fungo, eee, anali ovuta zedi. Pafyumu wotsekemera sankafuna n'komwe kumumva. Ankati, "Mwamuna azinunkhira ngati keke ya pa ukwati? Ndine chakudya ine?" Ankatinso zotsekemerazo zikakumana ndi dzuwa la pa malire, thukuta ndi utsi wa mathiraki, pofika masana munthu umangonunkha ngati nachesi wowola.

Iwo ankafuna fungo louma, la mtengo. Akapita kwa a Aufi, amene amagulitsa mafuta onunkhira ku boma, ankanunkhiza botolo ili, botolo ilo, mpaka mwini sitolo kutopa nawo. Anali ndi lina lonunkhira lubani, lopitira ku tchalitchi, ndi lina la jinja ndi tsabola wakuda, la miyezi yozizira. Koma la pamtima linali limene dalaivala wina ankawabweretsera kuchokera ku Tete. Limenelo linkamveka ngati thabwa la mkungudza longopalidwa kumene, ndi kautsi pang'ono kumapeto kwake. Ankathira pang'ono pakhosi ndi pamkono, basi. Silinkamveka patali. Unkalimva pokhapokha wayandikira, ndipo woyandikirayo ndinali ine.

Mng'ono wawo, a Melvin, ankawaseka. Iwo ndi aja odzithira zotsekemera mpaka njuchi kuwalondola. Ankati, "Achimwene, mukununkhatu ku shopu ya mabokosi a maliro." Ndinazimva ndi makutu angawa, osati kamodzi.

Tsiku logawa katundu wa malemu linafika. Abale awo anatenga majekete, nsapato, wailesi, njinga yamoto, ine ndikungoonerera. Koma nditaona botolo la ku Tete lija m'manja mwa a Melvin ndinati, "Chonde, ilo lokha ndisiyireni." Nyumba yonse inaseka. Apongozi anga aakazi anati, "Pafyumu wa amuna mukufuna mukamuthire ndani?" Botolo linalowa m'thumba la jekete la a Melvin.

Patapita miyezi ingapo a Melvin anayamba kubwera Lamlungu lililonse, akuti kudzaona ana. Aphungu, amabwera atadzithira lomwe lija la mabokosi a maliro! Zotsekemera zawo zija anazisiyiratu. Akachoka, fungo limatsala pa nsalu ya pampando masiku angapo, ine n'kumalowa pabalaza panga pomwe ngati ndalowa m'nyumba ya eni.

Chimene chandilembetsa kalatayi chinachitika mwezi watha. Anali masana, ndili kuseri kwa nyumba, nditawerama ndikuchapa. Mapazi sindinawamve. Ndinangomva fungo kumsana kwanga, pakamwa n'kuyankhula pokha: "Mwabwera, bambo a Tiyese?" Tiyese ndi mwana wathu woyamba, ndipo umu ndi mmene ndinkawalandirira amuna anga akaweruka. Kumbuyo kwangako munthu anayankha motsitsa mawu, "Ndabwera, mayi." Ndendende mmene mkulu wawo ankayankhira. Nditatembenuka ndinaona a Melvin akumwetulira. Ndinakhala pansi, pamatope a sopo pomwepo, n'kulira ngati maliro achitika lero.

Sanapepese. Anapita kumudzi kwawo ku Kanduku kukauza abale kuti, "Alamu andilandira okha, akunditchula kale bambo a Tiyese." Pano ankhoswe a mbali zonse akumana Loweruka likubwerali kuti akambirane zoti a Melvin alowe m'nyumba muno ngati mwamuna wanga. Amalume anga akuti ndi nkhani yabwino, ana adzakulira m'manja mwa bambo awo aang'ono.

Munthuyu ndimadana naye, Aphungu. Mkulu wake akudwala sanaponde kuchipatala. Koma ndisakunamizeni: Lamlungu likamayandikira ndimapezeka ndikusesa bwino pabalaza. Akakhala pafupi ndimatsinzina pang'ono, ndipo kwa kanthawi kochepako sindikhala wamasiye. Akapita ndimadzida, chakudya osalowa. Ndikawakana, fungo limeneli lichoka m'nyumba mwanga, ndipo zikhala ngati ndaika amuna anga kachiwiri. Ndikavomera, ndizigona ndi munthu amene sanasiyire m'bale wake ngakhale fungo. Loweruka ndikanene chiyani?

E.T., Mwanza

Mayi E.T.,

Sindinaseke. Pepani ndi imfa ya bambo a Tiyese, pepaninso ndi chipongwe chimene mukuchitiridwa pakhomo panu pomwe.

Lekani kudzida. Maso anu anaona bokosi likutsika, makutu anamva nyimbo za kumanda, koma mphuno palibe anaiuza kuti munthu wapita. Amene munawalonjera pochapa paja ndi amuna anu, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Wolakwa ndi amene anayankha.

Musaganize kuti a Melvin zikungowachitikira. Munthu wozolowera zotsekemera sadzuka m'mawa wina n'kuyamba kukonda fungo louma la mtengo, makamaka limene ankalinyoza ndi pakamwa pake. Anaona nkhope yanu tsiku munapempha botolo lija, anadziwa pamene pakupweteka, ndipo ndi pomwe akudinapo Lamlungu lililonse. Akanakhala okukondani akanakubwezerani botolo, n'kubwera atasamba sopo wamba kuti muwaone iwowo. Akubwera atavala mkulu wawo chifukwa akudziwa kuti paokha simungawatsegulire chitseko. Zimenezi ine ndimazitcha nkhanza, ngakhale palibe amene wakumenyani.

Musadikire Loweruka. Pitani kwa amalume anu mawa, mutenge mchemwali wanu kapena mayi wina wa kumpingo amene mumamukhulupirira. Afotokozereni nokha zimene zinachitika kuseri kwa nyumba kuja, zonse, ndi kulira komwe. A Melvin akuyenda nayo nkhaniyi ngati umboni chifukwa inu mukuibisa ndi manyazi. Mukainena nokha pamaso pa anthu, manyaziwo abwerera kwa mwini wake. Mukatero nenani momveka kuti simukufuna. Musawonjezere zoti "pakadali pano" kapena "ndiganize kaye", chifukwa timawu timeneti ankhoswe amatimva ngati mwavomera. Palibe amene ali ndi mphamvu yokukwatitsani kwa mlamu inu musakufuna. Akayamba kukuopsezani za nyumba kapena za ana, pitani ku ofesi ya bwanamkubwa kapena kupolisi. Kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu.

Ngati akufunadi kuona ana, akawaonere kwa agogo awo ku Kanduku, apo ayi pakhonde, pali munthu wina wamkulu. Pampando wa m'nyumba asakhalenso, ndipo nsalu ija ichapeni lero.

Ndikudziwa kuti chimene chikukuopsani kwenikweni ndi kutaya fungolo. Botolo lija musalimbirane, mungowapatsa chifukwa china chobwerera. Pitani kwa a Aufi. Iwo anatopa nayo mphuno ya amuna anu, ndiye akuidziwa bwino. Auzeni za mkungudza ndi kautsi kaja. Akasowa lenilenilo akupezerani loyandikira. Gulani kabotolo kakang'ono, muthire pa mpango, muusunge m'sutikesi. Tsiku limene mwawasowa amuna anu, tsegulani, lirani mpaka mtima upole, kenako tsekani. Likhale fungo lotsegula inu nokha pa nthawi imene mwafuna, osati lobwera ndi miyendo. Masiku oyamba zidzawawa kwambiri, ndipo sindikukulonjezani kuti zidzatha msanga.

Chenjerani ndi Loweruka. Adzabwera atadzithira kuposa masiku onse, ndipo adzayesetsa kukhala pafupi nanu. Inu khalani patali, mbali yochokera mphepo, pakati pa abale anu. Mtima ukayamba kufewa, kumbukirani kuti pafyumu ameneyu iwo samukonda, akungomugwiritsa ntchito. Mukangovomera, ntchito yake idzakhala itatha, ndipo sadzamudzolanso. Amuna anu mudzawatayabe kachiwiri, mayi, koma ulendo umenewo m'chipinda mwanu mudzatsala a Melvin.

Aphungu