Mzere wa Pakona

4 Novembala 2003
Gombe la damu la esiteti likungogumuka, dambo lakumunsi matope okhaokha. Mabwana akuti simenti ayi, pabzalidwe bango ndi udzu wa vetiva, mizu igwire dothi. Kapitawo wa ntchitoyi ndi amuna anga, a Fabiano. Ine kuthyola tiyi monga kale, dengu kumsana.

7 Novembala
Amabzala awiriawiri, wina kukumba, wina kuika mbande. Mnzawo wa a Fabiano ndi Teleza, kamtsikana ka ku Makwasa kaja. Akazi onsewa, iyeyo basi? Ndikakhala kumtunda m'tiyi ndimawaona bwinobwino. Matope mpaka m'mawondo, koma kuseka! Choseketsa n'chiyani m'matope?

13 Novembala
Nkhani pakhomo pano ndi damu. Akuti abakha am'madzi abwerera, timatemba tikubisala m'bango. "Teleza ali ndi dzanja, chimene wabzala sichifa." Nanga langa? Dimba langa la kumunsi kwa damu lawadyetsa mpiru ndi tomato zaka zonsezi, sanaliyamikirepo. Ndiwo ndathira mchere wambiri dala. Adya osadandaula. Zandiwawa koposa.

22 Novembala, Sabata
Ndanama kuti mutu ukuwawa. Anthu kutchalitchi, ine kudamu. Mzere wa pakona, wobiriwira kuposa yonse, ndithu dzanja lija. Ndazula wonse, ndaponya m'madzi. Ndimayesa mtima ukhala pansi. Ayi ndithu.

25 Novembala
Teleza wandipeza pampopi, nkhope yakugwa. "Mayi, mzere wa pakona wina wazula. Abambo anabzala okha umene uja, ine anandikaniza ngakhale kukhudza. Ankati pakabooka pamenepo, madzi onse athera m'dimba la mayi akunyumba." Wandiitaniranso ukwati wake, Disembala, mwamuna wa ku Bvumbwe. Ndangoti zikomo. Ndowa inasefukira ndili chiimire.

27 Novembala
Kunazale mbande zatha, zina mpaka Januwale. A Fabiano sanandifunse kanthu. Koma nsapato zanga zamatope zija, zimene ndinabisa kuseri kwa bafa, ndazipeza pakhomo zotsukatsuka. Manyazi akundidya.

Cha ku Mulanje kwada bii. Tomato wangoyamba kupsa. Mwina bango lina likuyandamabe m'mphepete, ndikalitole ndibwezeretse. Khasu la a Fabiano palibe, atsogola kale kudamu.

Yayamba kudontha pamalata.