Ndaba Mbuzi za Apongozi

Lolemba, 3 Febuluwale
Wailesi ikuti namondwe afika Lachinayi. Nyanja yayamba kale kunyambita mpanda wa apongozi. Ife a komiti ya ngozi tazungulira ndi chimkuzamawu: aliyense asamukire kusukulu ya pamtunda. Watitsatira galu yekha. Digiri yanga ya zanyengo yamveka kwa galu.

Lachiwiri, 4 Febuluwale
Kwa apongozi. Ndawajambulira pamchenga momwe nyanja ikukwerera chaka ndi chaka. Iwo: "Akamwini, nyanjayi ndinaidziwa inu muli kumsana. Ndisiyire akuba mbuzi zanga, ndikagone pa desiki?" Msewu wonse nyimbo ndi yomweyo.
Mkazi wanga akuti amayi akatsala, naye atsala. Ndi pakati pakepo.

Lachitatu, 5 Febuluwale
Zaka zonse zija kuyunivesite, osandiuza izi: kuno madzi sathamangitsa munthu. Wakuba ndiye amathamangitsa msewu wathunthu. Mlamu wavomera kubwereketsa kalole kake ka nsomba. Akuti zikavuta sandidziwa.

Lachinayi, 6 Febuluwale
Masanasana, anthu akuona. Mbuzi za apongozi m'lole, za aneba momwemo. Giya wani, hutala njira yonse.
"Wakubaaa!"
Telala ndi sizasi. Abusa a mpingo ndi ambulera. Kutsogolo apongozi, mawondo aja akhala akudwala chikwatirire ine atachira lero lomwe. Onse chikweza mpaka m'bwalo la sukulu. Mbuzi m'kalasi, a komiti geti kuu! Silipasi ya apongozi khutu langa phaa, likulirabe. Lole yabwerera kukatenga ana, odwala ndi mkazi wanga.
Posakhalitsa mphepo. Taima pamawindo, nyanja ikulowa mumsewu wathu osagogoda.

Loweruka, 8 Febuluwale
Madzi aphwa. Sitinataye munthu ngakhale mmodzi, mbuzi ngakhale imodzi. Ndalemba kawiri kuti ndikhulupirire. Mwana akukankha m'mimba mwa mkazi wanga ngati naye akufuna wakubayo.
Kwa apongozi kwatsala chitseko chokha, loko ali chikhomere. Anaima nthawi yaitali, kiyi m'manja. Ndinati lero ndiye silipasi inayo.
Atembenuka, andiyeza kuyambira kumutu mpaka kuphazi.
"Akamwini, chaka chamawa mudzayambe kuba matiresi."