A Kochi Analoza Chanda

Akulu anga a Fabiano,

Moni wochuluka. Kuno ku Kitwe tonse tili bwino, chifuwa cha amayi chija chinaleka. Kaya inu kumeneko ku Chipata?

Loweruka tinaluza besibolo kwa anyamata a ku Ndola. Tinali patsogolo mpaka chigawo chomaliza, koma woponya wathu mkono unamutopera. Ine ndi mnzanga Chanda tinali pambali kutenthetsa mikono, kudikira kuti a kochi, a Mwansa, aloze mmodzi. Analoza Chanda. Mipira yake a ku Ndola aja ankangoimenyera kumpanda, basi tinagonja.

Atate anachita kusinthana shifiti kumgodi kuti adzandione, ndiye anawalondola a Mwansa mpaka panjinga yawo. "Mukwai, mwana wangayu munamutengera kudzakongoletsa benchi?" A Mwansa anangoti, "Akali mwaice," kutanthauza kuti ndikali mwana, n'kupalasa.

Atate akudandaulabe mpaka lero. Koma akulu, ine chala cha a kochi chija chitandipitirira, mtima unakhala pansi. M'manja munali thukuta lokhalokha, mpira ukuterereka. Ndikanalowa, atate akanaziona zonsezo.

Munditumizireko nsapato zanu zakale zija, ndipo mundipempherere ndilimbe mtima. Mukamawalembera atate, izi chonde musatchule. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Lazaro