Phazi la bambo

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Mpamba tilipo. Patha miyezi isanu ndi inayi chikuikireni m'manda, ndipo nkhani zaunjikana.

Elube, mzime wanu, anabereka mwana wamwamuna mvula ikutha. Mphuno ndi yanu ndithu. Chinangwa cha kumunda wa kumtsinje chinachita bwino, kungoti anyani anatithandiza kukolola mizere ya m'mphepete. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja.

Koma chandikhazika pansi lero ndi phazi la bambo. Atabwerera kuntchito yawo yocheka mitengo ya labala, tsiku lina mpeni unawapulumuka n'kuwatema pafupi ndi zala. Ine ndinachita monga munkachitira inu. Ndinagula makapusozi anayi kugolosale, awiri anamwa, awiri ndinatsegula n'kuthira ufa wake pabalapo. Paja munkati, "Bala ndi mlendo, silikhalitsa pakhomo." Ili linakhalitsa, amayi.

Patatha sabata phazi linatupa, mafinya kutuluka, thupi kutentha. Anawagoneka m'chipatala, ine ndikuwadikirira. Jakisoni woyamba anabayidwa masiku asanu osasintha kanthu. Anayesa wina, chimodzimodzi. Ndiye anatenga mafinya n'kutumiza kukayeza. Zotsatira zitabwera, adokotala, mtsikana wa msinkhu wa Elube, anandikhazika pabenchi. Anati ndi kachilombo kotchedwa sitafilokokasi, kamene kamakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri osawavuta, koma kakalowa pabala kamalusa. Ka bambo kanali ka mtundu umene unazolowera mankhwala wamba, moti sikawamvanso. Anati kuzolowerako kumakula tikamamwa mankhwala mwachisawawa, lero awiri, mawa kusiya.

Ndinaulula za makapusozi aja. Sanandikalipire. Anati si ine ndekha, ndiponso sangadziwe kumene bambo anakatenga kachilomboko. Komabe ndinapita kuseri kwa kumene timaphikira odikirira odwala n'kukalira. Sindikukuimbani mlandu, amayi. Munatilera tonse asanu ndi zimene munkadziwa.

Bambo anawasamutsira pabedi la pakona, ndipo aliyense wowakhudza ankayenera kusamba m'manja ndi sopo, asanawagwire ndiponso atawagwira. Pafupi nawo panagona a Longwe, msodzi wa ku Usisya, wa vuto lomwelo. Ankacheza tsiku lonse, bambo m'Chichewa, a Longwe m'Chitonga, n'kumamvana bwinobwino. Sabata yachitatu a Longwe anawadula mwendo.

Masana a tsikulo ndikuchokera kochapa, ndinapeza bambo atavala malaya awo a kutchalitchi, chikwama chili pamiyendo.

"Esinati, kandiitanire wa njinga yamoto," anatero. "Ndikafere kwathu ndi miyendo yanga yonse."

Mukudziwa kuti chibadwire sindinawatsutsepo. Ndinagwada, ndinatenga chikwamacho, n'kuchikhalira.

"Bambo, mundikhululukire, koma pano simuchokapo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma. Masiku awiri sanandilankhule. Phala ankalandira pokhapokha liperekedwe ndi mkazi wa a Longwe, amene anali ndi zakezake zolira, koma ankabwera n'kuwagwirira kapu.

Tsiku lachitatu anafika mankhwala ena, osowa, odzera mudiripi. Pang'onopang'ono kutentha kunatsika. Zala ziwiri zokha sizinapulumuke, anazidula. Tinakhala m'chipatalamo milungu isanu ndi umodzi. A Longwe anatuluka ife tisanatuluke, ndipo mwezi uno anatitumizira usipa wouma pa boti.

Tsopano bambo ali pakhomo, akuyenda ndi ndodo. Za kumitengo ya labala sitinayambe kukambirana, chifukwa ntchito ija ndi ya mapazi, ndipo iwo akudziwa. Amakhala pakhonde atanyamula mdzukulu wawo. Lamulungu lapitali anabwera kumanda kwanu, munawaona? Popita anakana kuti ndiwagwire. Pobwerera, titafika pachitunda cha kusukulu, anaika okha dzanja paphewa langa.

Atsala ndi mapilitsi a masiku khumi. Ndimaimirira pomwepo mpaka atameza, iwo n'kumadandaula kuti munawasiyira msilikali m'nyumba. Adandaule, koma amaliza onse, ndikukulonjezani. Ndikudziwa kuti mwawasowa, amayi, ndipo iwonso akusowani kwambiri. Koma musawayembekezere msanga. Tikuwafunabe kuno.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati