Tome Sagona Pambali Panu

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji?

Kalatayi ndi yokudziwitsani za mwana wanu Tome, mng'ono wanga, ndiponso zimene banja linagwirizana pa maliro ake. Anamwalira Lachiwiri ku Maniamba, kumene anali namwino, atadwala chibayo masiku asanu ndi anayi.

Ndiyambe ndi zapakhomo, monga munkafunira. Mlongo wanga Rozina ali ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chinangwa chabereka bwino, koma usipa umene Rozina anayanika ku Chiwanga unavunda ndi mvula pathandala.

Mukukumbukira kuti Tome anasiya tchalitchi. Ankanena mosabisa kuti Mulungu kulibe, kuti wothandiza munthu ndi munthu mnzake. Inu munkangoti, "Idya kaye, tikangana ukakhuta." Atafooka kwambiri anandigwira dzanja, napempha kuti pamanda pake pasakhale pemphero.

Malo a pambali panu kumanda a ku Msumba munasungira iyeyo. Ansembe sanamukane, anangofotokoza kuti kumanda a mpingo munthu amaikidwa ndi mapemphero. Pamenepo amalume a Yohane anandipempha kuti, popeza buku la omwalira la mpingo ndimalemba ndine, ndilembemo kuti Tome analapa asanatsirizike. Mzere umodzi wokha, Amayi, akanagona nanu. Ndinakhala ndi cholembera m'manja m'mawa wonse, koma sindinalembe. M'buku limenelo sindinaikemo bodza chiyambire, ndipo sindikanayambira pa munthu amene sangathenso kudziyankhira.

Ku rejisitu ya boma ku Metangula, kolembetsa imfa, sanandifunse za chipembedzo chake. Pepala lawo limafuna dzina, tsiku ndi malo basi. Kale ndinkaliona louma. Tsiku limenelo linandipumitsa.

Ndikuululireni chimene sindinathe kunena muli moyo. Ine sindili ngati Tome, sindinena kuti Mulungu kulibe. Koma sindilinso ngati inu. Sindikudziwa. Ndimalemba mayina, Lamlungu ndimaimba pamodzi ndi anzanga, koma ngakhale kalata ino sindikudziwa ngati ili ndi woiwerenga.

Chogwirizana chinali ichi: Tome aikidwe ku Maniamba, popanda pemphero pamanda, ndipo ofuna kupemphera apemphere kunyumba. Tinatero Lachisanu. Manda anakumba alimi a kumeneko, Akhristu ndi Asilamu. Amayi ambiri anaimirira mmodzimmodzi, aliyense kutchula dzina la mwana wake amene Tome anamuchiza. Anapitirira mpaka dzuwa linafika pamutu. M'banja, ovomereza chogwirizanachi tinali atatu: mkazi wake Selina, Rozina ndi ine. Amalume sanavomere, ndipo sanabwere.

Ndakulekanitsani ndi mwana amene munkamudera nkhawa kuposa tonse. Mundikhululukire. Manda onse awiri ndidzalambula ndine, anu poyamba, kenako ndizikwera phiri kupita kwa iye, mpaka miyendo idzandikane.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lukasi