A Efulemu Chimphepo Atisiyira Thole Lopanda Dzina

Tcherani khutu inu a banja la a Chimphepo, inu mayi Lilian ndi mwana wanu Yamikani amene uthengawu ukupezeni pa foni ku Mangalande, ndi inu nonse a ku Mitundu, a ku Nathenje mpaka ku Diamphwe amene katundu wanu anakwerapo ngolo. Ife a Bungwe la Eni Ngolo la Mitundu ndi Nathenje tagwidwa ndi chisoni chachikulu, ndipo mitima yathu sinakhazikike mpaka lero, chifukwa cha imfa ya mkulu wathu ndi woyambitsa bungwe lino, bambo Efulemu Chimphepo, amene anatisiya kumayambiriro kwa Okutobala ku chipatala cha ku Nkhoma atadwala chifuwa kwa masabata ochepa.

Ntchito zawo sitingazitchule zonse. Ndi iwo amene anatisonkhanitsa kuseri kwa chigayo pa Mitundu, nthawi imene eni ngolo tinkalandana katundu ndi kutukwanizana pa msika, n'kutiuza kuti anthu a ntchito imodzi azidziwana mayina. Ndi iwo anaika lamulo loti pa maliro ngolo izinyamula nkhuni ndi bokosi popanda kufunsa kanthu, ndi loti ukakumana ndi wodwala kapena mayi woyembekezera panjira, utsitse mabelo a fodya pompo, uyambe wamufikitsa kuchipatala. Ng'ombe ya bala pakhosi ankaletsa kuimanga pagoli, ndipo amene wachita zimenezi ankamuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Anaphunzitsa goli ng'ombe za anthu ambiri osang'amba khungu la ngakhale imodzi. Njerwa za tchalitchi chawo anatuta ndi iwo, za mzikiti wa ku Nathenje anatutanso ndi iwo omwewo. Masiku amenewo tikaitana msonkhano ngolo zinkatseka msewu. Lero katundu wapita kwa a njinga zamoto ndi timalole, ndipo otsalafe tikakumana timakwana pa benchi limodzi.

Koma ambiri a inu mumawakumbukira ndi china. Mumakumbukira mkulu uja wodutsa pa msika akukuwa kuti, "Wigani, kumanja! Senti, ulesi wakowo!" Munkaseka, ena mumati mkuluyu mutu wayamba kuzungulira. Tikufuna mudziwe lero kumene mayina amenewa anachokera, chifukwa pali pempho limene tili nalo kwa banja, ndipo simungalimvetse osamva nkhaniyi.

A Efulemu anali ndi mwana mmodzi yekha, mayi Lilian, amene anaphunzira unamwino n'kupita kukagwira ntchito ku Mangalande, mu mzinda wa Halu. Kumeneko anabereka Yamikani. Akazi awo a Efulemu atamwalira, pakhomo panatsala iwo ndi ng'ombe zawo. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi foni inkalira. Akalankhula ndi mwana wawo, mayiwo ankapatsira mnyamata uja. "Muli bwanji, agogo?" "Ndili bwino, kaya iwe?" "Ndili bwino." Basi, Chichewa cha mwana chathera pomwepo, Chingerezi cha agogo sichinayambe n'komwe. Anatidandaulira tsiku lina, ife a Isake amene tikulemba uthengawu, kuti, "A Isake, magazi anga enieni, koma timangopumirana m'khutu ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi."

Lamulungu lina mu Okutobala wa 2011 mwana uja anakana kubwera pa foni. Ankamveka akulira chapatali. Mayi ake anafotokoza kuti kumeneko kuli mpira wotchedwa ragibi, wa anthu khumi ndi atatu mbali iliyonse, ndipo chaka chilichonse matimu a mizinda amalimbirana chikho. Timu ya kwawo, Lovazi, imene mwanayo ankaikonda kuposa chakudya, inali itatuluka kale, ndipo dzulo lake chikho chinatengedwa ndi timu ya Lidzi. Sabata yomweyo n'kuti ng'ombe ya a Efulemu itaswa.

"Umuuze asiye kulira," anatero a Efulemu. "Kuno kwabadwa thole. Ndalitcha Lidzi. Likakula ndidzalimanga pagoli, lidzakoke njerwa moyo wake wonse chifukwa cholizitsa mdzukulu wanga."

Mayi aja atamasulira, kulira kunaleka. Kenako anamva kuseka, ndipo kanali koyamba kumva mdzukulu wawo akuseka chifukwa cha iwo. Mwana anabwera pa foni yekha, n'kufunsa kudzera mwa mayi ake kuti nanga Lovazi ikadzapambana zidzatani.

"Thole la chaka chimenecho silidzalawa goli. Koma dzina sindidzalitcha ine. Udzabwera kuno, udzaike dzanja lako pamutu pake, udzalitche wekha."

Mwana uja anafunsa mayi ake liwu la Chichewa, n'kulinena yekha: "Ndidzabwera."

Kuyambira pamenepo thole loyamba kubadwa chikho chikayandikira linkadikira foni ya Lamulungu. Lachimuna kapena lachikazi, dzina linali la amene wapambana, kungoti zazikazi zinkapulumuka goli. Chaka chotsatira Lidzi yomweyo. Kenako Wigani, kenako Senti Heleni, amene iwo ankangoti Senti. Kenako Lidzi, Wigani, Lidzi, Wigani, kulandizana ngati palibenso mizinda ina ku Mangalande. Ndiye kunabwera Senti zaka zinayi zotsatizana, a Efulemu mpaka anakwiya. "Kodi enawo amapita kukatani m'bwalomo? Khola langa ladzaza Senti. Ndikaitana imodzi zikutembenuka zonse." Anachita kuzisiyanitsa: Senti Wamkulu, Senti Waulesi, Senti Wamawanga, ndi wina wamng'ono amene ankangoti Senti Winanso. Ukawapeza kukhola madzulo ankakuyendetsa, akugwira msana wa iliyonse ndi kutchula chaka chake. Zimene zinafa kapena kugulitsidwa sankazidumpha. Ankaima pamalo opanda kanthu n'kunena kuti apa panali Lidzi Wakuda, anafa ndi chigodola.

Mpirawo a Efulemu anauona koyamba pa foni ya Che Hafizi, a golosale ya ku Nathenje amene katundu wawo tinkanyamula. Anauyang'ana limodzi, Che Hafizi n'kuyamba kuunyoza.

"Mwauona, a Chimphepo? Mpira wake ngati papaya, ndipo akuponyerana chammbuyo. Anthu ofuna kupita kutsogolo amatero?"

"Musanyoze, Che Hafizi. Taonani uyo wamugwirira m'miyendo mnzakeyo. Ameneyo ndi munthu woti ungamutume kugwetsa nkhunzi."

"Ndiye muwaitane adzatithandize pa dibi."

"Akubwera mmodzi wa kumeneko, mdzukulu wanga. Dikirani."

Zaka zinapita. Yamikani anakula, anamaliza sukulu, anayamba ntchito. Mayi ake ankabwera nthawi zina, koma iye ayi: mwina mayeso, mwina mapepala a ulendo, mwina tchuthi chakanika. Sitikumuimba mlandu, dziko la eni lili ndi zake. Mafoni a Lamulungu anayamba kudumphadumpha, koma ya mu Okutobala sinaphonyepo. Lovazi nayo inali timu yovutitsa mtima. Chaka china inachita kutsitsidwa mu ligi yaikulu, a Efulemu osadya tsiku lonse chifukwa cha anthu amene sanawaonepo. Ife tinkawaseka. "Alamu, bwanji osangomuuza mwanayo abwere, za mpirazi zikhale apo?" Iwo ankapukusa mutu. "Ndikamuitana ine, adzabwera mwaulemu, n'kumayang'ana wotchi. Ndikufuna adzabwere chifukwa cha mawu ake."

Chaka chatha Lovazi inafika pa masewero omaliza, n'kugonja kwa Wigani. Lamulungu limenelo a Efulemu anabwera kwathu, anakhala pakhonde n'kunena kuti, "Wigani winanso, a Isake. Koma mwamva? Anafika pakhomo penipeni." Kuyambira tsiku limenelo anayamba kukonza. Anazira chipinda chimene chinali chosungiramo magoli ndi zingwe, anagula bedi kwa kalipentala wa pa Mitundu, anapempha Che Hafizi kuti aziwauza zotsatira sabata ndi sabata. Chaka chino timu ija inkangopambana. Mu Seputembala ng'ombe yawo yaikazi inaswa thole lachimuna, lofiira, lamphumi yoyera, ndipo akuti malaya a Lovazi ndi ofiira ndi oyera. A Efulemu anayenda nayo nkhaniyi msika wonse, uku akutsokomola.

Titapita kukawaona ku Nkhoma n'kuti atamva kale kuti Lovazi yafikanso pa masewero omaliza, ndipo ikumananso ndi Wigani yomweyo. Mawu ankatuluka movuta, koma anatigwira dzanja.

"Tholelo musalitche."

"Nanga akaluza?"

"Akaluza ndi Wigani basi, mudzalimange pagoli likakula. Koma akapambana, pakamwa panu mutseke. Mwini dzina alipo."

"Mudzamuuza nokha, alamu. Loweruka si kutali."

"Kwa inu si kutali," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Loweruka limenelo linawapeza ali m'manda. Mwambo wa maliro sukanadikira a kutali, ndipo mayi Lilian ndi Yamikani anautsatira pa foni imene Che Hafizi anaigwira m'mwamba kuyambira panyumba mpaka kumanda. Foni ya malemu abale anaisiya m'manja mwathu, poti anthu ofuna ngolo ankaimbabe. Lamulungu titangoweruka ku tchalitchi inalira.

"Agogo Isake? Ndine Yamikani." Chichewa chake n'chodukaduka, koma chinamveka. "Ndikudziwa kulibe. Ndangoimba." Kenako anati, "Tapambana."

Tinamuuza kuti thole lilipo.

"Ali ndi dzina?"

"Lilibe. Agogo ako anatiletsa."

Ananena mawu ena m'Chingerezi amene sitinawamve, kenako tinangomva kupuma kwa munthu amene akulira, ndipo foni inaduka. Ngati adzabwera kapena ayi, sanatiuze, ndipo ife sitikudziwa.

Tamva kuti mayi Lilian akafika banja lidzakhala pansi kugawa ziweto za malemu, monga mwa mwambo. Zimenezo ndi za banja, ife a bungwe tilibe mawu pa ng'ombe ngakhale imodzi. Koma tikugwada pamaso panu, eni mbumba ndi akuluakulu onse, ndi pempho limodzi lokha: thole lofiira lija ndi mayi wake muzipatule, zisagulitsidwe, zisaphedwe, ndipo munthu asalitche dzina lililonse, ngakhale la masewera. Kudyetsa kusakuvuteni. Tagwirizana kuti tizisinthana, wina mapesi, wina madeya, wina kupita nazo ku dambo ndi ku dibi, kufikira mwini wake atabwera kapena atatiuza ndi pakamwa pake kuti sabwera. Ndife okalamba ndipo ndife ochepa, choncho sitingalonjeze zaka zambiri, koma zimene tili nazo tazipereka.

Ndipo iwe Yamikani, mdzukulu wathu, sitikukukakamiza. Unali mwana pamene unanena mawu aja, ndipo palibe angakugwire nawo pakhosi. Tikungokudziwitsa kuti kuno kunali munthu amene anawasunga, ndipo anamwalira akuwakhulupirira. Ukabwera sudzasowa wokulandira pa siteji ya Mitundu. Ngolo zathu n'zakale, koma imodzi idzakufikitsa.

M'malo mwa mamembala onse a bungwe lino, amoyo ndi mabanja a amene anatsogola, tikupepesa kwa inu mayi Lilian, amene mwataya bambo muli kutali ndipo simunathe kuponya dothi. Tikupepesa kwa abale onse, kwa mpingo wawo, ndi kwa anzawo a pa msika. Mulungu amene amaona wokhala yekha akulimbitseni mtima, akupatseni mphamvu pa ulendo wanu ndi mtendere pa zokambirana zanu.

Kwa inu nonse akumva, tikupempha kuti a Efulemu musawaiwale msanga. Ng'ombe zawo zibalalika, ina ipita ku Diamphwe, ina kwa abale a kutali, ndipo mudzakumana nazo m'misewu zikukoka ngolo za anthu ena. Amene mudzazilandire, chonde musazisinthe mayina. Ana anu akadzafunsa kuti dzina lachilendoli linachokera kuti, mudzawakhazike pansi, mudzawauze za mkulu wa ku Mitundu amene ankadikira mdzukulu wake.

Mzimu wawo uuse mumtendere.

Ndife anu pa chisoni,

Isake Gwirize
Wapampando, Bungwe la Eni Ngolo la Mitundu ndi Nathenje